Kamvedwe ndi kayankhidwe ka liwu loti "sharp" mu Joni

Munthu wongotsika basi pa Park Station amakhala atamva kale liwu loti "sharp" kangapo asanatuluke n'komwe pageti. Wonyamula katundu walinena polandira ndalama, mlonda walinena popatsa njira, mnyamata wogulitsa matchaja walinena potsanzika. Kusukulu kwathu adatiphunzitsa kuti liwuli ndi la mpeni wakuthwa kapena la mwana wanzeru m'kalasi, ndipo kwa anyamata a ku Ndirande ndi ku Kawale "shapu" amayendera limodzi ndi "bho". Kuno ku Johannesburg ntchito zake ndi zambiri kuposa pamenepo, zina zotsutsana, moti kulimva molakwika kumatayitsa munthu ganyu, ndalama, ngakhale mbale ya chakudya. Mfundo yoti muigwire ndi iyi: liwuli palokha silikunyamulanso chiyamikiro. Tanthauzo lake limachokera pa malo amene lagwera m'macheza, mawu amene laphatikana nawo, ndi munthu amene walinena.

Yambani mwadziwa matanthauzo akale, chifukwa sadafe

Liwuli ndi lakale m'Chingerezi. Zaka zoposa 1,000 zapitazo linkalembedwa "scearp", ndipo abale ake alipobe: Chijeremani chili ndi "scharf", Chidatchi "scherp", Afrikaans ya konkuno "skerp". Poyamba linali la chitsulo chocheka kapena chobaya. Kenako lidafika pa maso, makutu ndi mutu wa munthu, monga ifenso timanenera kuti mwana wa uje ndi wakuthwa. Apa ndi pamene lidasanduka liwu loyamikira.

Koma kuchenjera kuli pawiri, wina amachenjera pothandiza, wina podyera anzake masuku pamutu. Pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1600 Angerezi ankatchula tambwali wobera anthu pa juga kuti "sharper", ndipo mpaka lero "sharp practice" ndi malonda a ukathyali, aja osaphwanya lamulo poyera koma okhota. M'zaka za m'ma 1800 liwuli lidayamba kutsatira nthawi, moti "seven o'clock sharp" ndi 7 koloko yeniyeni, osapitirira ndi mphindi imodzi. Cha m'ma 1940 ku America achinyamata a m'matauni ndi okonda jazi adalipatsa ntchito ina, kutchula chinthu chapamwamba, makamaka munthu wotchena.

Zaka zomwezo anyamata a ku Sophiatown, kumadzulo kwa tauni ya Johannesburg, ankatengera za ku America kuchokera m'mafilimu ndi m'nyimbo: zipewa, masuti, nsapato, kayankhulidwe. Gulu lina la zigawenga za kumeneko linkadziwika ndi dzina loti Americans chifukwa cha zovala zake. Boma la tsankho lidayamba kusamutsa anthu a ku Sophiatown mu February 1955 kuwapititsa ku Meadowlands, ndipo chiyankhulo chawo cha mumsewu, tsotsitaal, chidapita nawo m'malokeshoni. M'kayankhulidwe ka m'malokeshonimo ndi momwe "sharp" adasiya kungofotokoza suti ndi nsapato n'kukhala yankho la moni, kuvomera, kuthokoza ndi kutsanzika. Mu March 2025 dikishonale yaikulu ya Oxford English Dictionary idalowetsa "sharp-sharp" ngati liwu la Chingerezi cha ku South Africa.

Kusintha kotere ife sikutidabwitsa tikayang'ana "chabwino". Pachiyambi ndi kuyamikira chinthu: chimanga chabwino, chitenje chabwino. Koma mukauza mnzanu kuti mubwera mawa iye n'kuti "chabwino", sakuyamikira kanthu, wangomva. Mkazi wokwiya akati "chabwino" n'kutembenuka, aliyense akudziwa kuti zinthu sizili bwino. Liwu loyamikira likamanenedwa pafupipafupi limapepuka, limachoka pa chinthu chenichenicho n'kukakhala kumapeto kwa nkhani ngati chotsekera. Ndi njira yomweyo imene "sharp" adayenda. Chovuta n'chakuti matanthauzo akale aja sadachoke pamene atsopano ankabwera. Onse ali mumzinda muno nthawi imodzi, ndipo tsiku limodzi mutha kukumana nawo onse kuchokera ku lokeshoni ya Diepsloot kukafika ku dera la olemera la Sandton.

Choyamba kumvetsera: lagwera pati

Kumayambiriro kwa macheza, ndi moni kapena yankho la moni. Mnyamata wa pa renki (siteji ya maminibasi) ya Bree akati "Heita" kapena "Eita", mutha kuyankha "sharp" n'kukweza chala chachikulu, nkhani yatha. Akafunsa "U sharp?" akufunsa ngati muli bwino. Yankho la Chizulu ndi "ngi sharp", la Chisuthu ndi Chitswana ndi "ke sharp". Musayambe kufotokoza za mutu umene unakupwetekani usiku ngati mmene timachitira kwathu polonjerana. Funsoli ndi lachidule ndipo likufuna yankho lachidule.

Pakati pa macheza, ndi "ndamva, pitirizani". Wokulozerani njira akamati mukhote kumanzere pa maloboti achiwiri, inu mumaponya "sharp" pakutha pa chiganizo chilichonse kusonyeza kuti mukutsatira.

Mukapereka chinthu, monga chenji m'takisi (minibasi ya kuno) kapena fodya kwa mnzanu, "sharp" ndi zikomo wopepuka. Kumapeto kwa macheza kapena pafoni, ndi kutsanzika, ndipo nthawi zambiri limabwerezedwa kawiri. Munthu akanena "sharp sharp" pafoni musayambitse nkhani ina, akudula.

Chachiwiri: laphatikana ndi chiyani

Apa ndi pamene anthu ambiri amagwera, ndiye tichedwepo.

Likabwera pambuyo pa nthawi, ndi tanthauzo la m'ma 1800 lija. Dona wa ku Randburg akauza wogwira ntchito m'dimba kuti "come at seven sharp", sakunena kuti "bwerani 7 koloko, chabwino?" Akunena kuti 7:00 ikwane muli pageti. Wongozolowera "sharp" wa mumsewu amamva ngati n'kutsanzika chabe, amafika 7:20 akuganiza kuti wasunga nthawi, n'kupeza nkhope yakwinya kapena ganyu wapita kwa wina pakuti ofuna ntchito ndi ambiri. Njira yodziwira ndi yosavuta: ngati palibe kupuma pakati pa nambala ndi liwulo, ndi lamulo la nthawi. Ngati pali kupuma, "seven... sharp", ndiye kuti akungotseka nkhani, komabe fikani 7 isanakwane. Kuchokera ku Diepsloot kapena ku Tembisa m'mawa, werengerani mzere wa pa renki, osati ulendo wokha.

Likabwera ngati yankho la munthu amene mukumupatsa chinthu, "ke sharp" kapena "ngi sharp" ndi kukana mwaulemu: ayi zikomo, ndakwana. Izi zimasokoneza mbali zonse ziwiri. Mayi wa kwathu amafunsa mlendo wa konkuno ngati amuwonjezere ndiwo, mlendo ati "ngi sharp", mayi amva kuti ndiwo zakoma n'kuwonjezera. Mbali inayo ndi yowawa kwambiri: mnyamata wa kwathu pa saiti yomanga afunsidwa ngati akufuna buledi, iye ati "I'm sharp" akuganiza kuti wavomera, buledi apita kwa wina, iye n'kuswera ndi njala. Ngati mukufuna chinthucho, nenani "yes please" kapena "yebo", landirani, kenako "sharp" abwere ngati zikomo. Dongosolo lake ndi limenelo: kuvomera, kulandira, kuthokoza.

Likatsatiridwa ndi "ka wena" m'Chisuthu kapena "ngawe" m'Chizulu, ndi mawu othetsa chibwenzi kapena ubwenzi. "Ke sharp ka wena" ndi kunena kuti ndakwana nawe, za iwe ndathana nazo. Amene wangomva liwu lodziwika lija amatha kumwetulira pamene akukanidwa.

Likatsatiridwa ndi "with", ndi za lilime. Mwini shopu ku Fordsburg akati "you were sharp with that customer" sakukutamani kuti mwagulitsa mochenjera. Akuti mwayankha kasitomala mwaukali. Chimodzimodzi "too sharp": kawirikawiri ndi chenjezo loti mwachenjera mopitirira, akukukayikirani. Koma "he is sharp" kapena "she is very sharp", popanda china chotsatira, kuchokera kwa bwana wolankhula Chingerezi cha kunyumba, ndi chiyamikiro chenicheni: mumagwira zinthu msanga. "You look sharp" ndi kuti mwatchena. Chenjerani ndi m'bale wake wopanda "you": kapitawo wachikulire akakuwa kuti "look sharp!" akuti fulumirani, sakunena za malaya anu.

Kuchipatala liwuli limabwerera kwawo kwenikweni. Nesi akafunsa "is the pain sharp?" akufuna kudziwa ngati ululuwo ukubaya ngati singano kapena ukungophwanya mwapansipansi, chifukwa kusiyana kumeneku kumathandiza kudziwa gwero la vuto. Wodwala akayankha "sharp" potanthauza kuti ndili bwino, kapena kungovomera mwachizolowezi, m'fayilo mumalembedwa zina. M'chipinda cha dokotala lisiyeni panja liwuli pokhapokha ululu ukubayadi. Lozani malo, nenani kuti unayamba liti, ukubwera n'kupita kapena sukusiya. Ogwira ntchito yoyeretsa m'makiliniki adziwenso kuti "sharps" ndi masingano ndi malezala ogwiritsidwa kale ntchito, amene amaponyedwa m'kachidebe kolimba kachikasu, osati m'pepala la zinyalala wamba.

Chachitatu: walinena ndani

Johannesburg ndi mzinda wa anthu ochokera mbali zonse, ndipo "sharp sharp" wa mnyamata wa ku Soweto si wofanana ndi wa m'bale wa ku Nigeria amene ali ndi shopu ya mafoni ku Yeoville kapena ku Hillbrow. M'Chipijini cha ku Nigeria kubwereza kumeneku ndi msangamsanga. Akakutumani kuti mukapereke katundu "sharp sharp", akuti muthamange. Mukamva ngati kutsanzika n'kuyamba mwakadya kaye, mubwerera mutakwiyitsa munthu. Chizindikiro chake: likakhala m'kati mwa chiganizo chokhala ndi ntchito yoti ichitike, ndi changu, likaima lokha kumapeto, ndi kutsanzika.

Mawu a pakhosi nawonso amanena zambiri. "Sharp" wamfupi, wokwera, wotsagana ndi chala chachikulu, ndi wamtendere. Wokoka, wotsika, munthu akuyang'ana kumbali, ndi "chabwino" wa wokhumudwa uja. Pa WhatsApp mawu a pakhosi palibe, ndiye yang'anani kutalika: mwalemba ndime yonse yodandaula, wina n'kuyankha "shap" yekha, dziwani kuti nkhaniyo sakuifuna.

Pa ndalama musalilandire ngati lonjezo

Ili ndi langizo lofunika kuposa onse. Popeza liwuli limatha kungotanthauza "ndamva", silimanga munthu. Mwagwira ganyu wopenta masiku atatu, mwauza mwini ntchito kuti mukufuna ndalama zanu Lachisanu, iye wati "sharp". Lachisanu likafika atha kunena kuti sadalonjeze kanthu, ndipo m'kamvedwe ka konkuno sakunama kwenikweni. Chimodzimodzi mastande (landilodi) pa nkhani yokonza denga lodontha la chipinda chakuseri, kapena transipota amene mwamupatsa katundu wopita ku Mangochi.

Chitani motere. Mukamva "sharp" pa nkhani ya ndalama, bwerezani mgwirizano wonse mokweza ndi zinthu zitatu: ndalama zingati, tsiku liti, njira yanji. Mwachitsanzo, R300 (marandi 300) pa tsiku, masiku atatu, R900, Lachisanu madzulo, pamanja. Funsani funso lofuna "yes" kapena "no". Kenako tumizani zomwezo pa WhatsApp m'chiganizo chimodzi, ndipo pemphani kuti ayankhe ndi mawu, osati chithunzi cha chala chokha. Akayankhanso "sharp" pansi pa uthenga wokhala ndi nambala ndi tsiku, pamenepo liwulo lalemera, chifukwa laphatikana ndi chinthu chooneka. Kwa transipota onjezani chiwerengero cha zikwama, chithunzi cha katunduyo, ndi dzina la wokalandira.

Inunso musamaliponye pa zinthu zimene simunavomere. Wina akakupemphani ngongole inu n'kuti "sharp" pongofuna kuti achoke, iye atha kusankha kumva kuti mwalola, mawa ali pakhomo.

Katchulidwe

Anthu akuno satchula "r" wa m'katimo, ndipo sawonjezera "u" kumapeto. Limamveka "shap", milomo n'kutsekeka pa "p" osatsegukanso. Ife lilime lathu limafuna liwu lililonse lithere pa a, e, i, o kapena u, n'chifukwa chake timati shapu, buku, foni. Palibe cholakwika ndi "shapu" pakati pathu, ndipo aliyense amva. Koma amene akufuna kuti asaonekere msanga kuti ndi mlendo, monga pokambirana mtengo pa msika, ayeserere kudula mpweya pa "p". Kulemba kulibe lamulo: "sharp", "shap", "shup", onse amapezeka m'mauthenga. Palinso "sho", wochokera ku "sure", amene amagwira ntchito zofanana pa moni, kuvomera ndi kutsanzika.

Ana a m'malokeshoni ali ndi kamoni kawo: amakweza chala chachikulu, inu mukweze chanu, zala zigundane n'kutsetsereka mwakuthyola, onse n'kunena liwulo. Mwana akakuimikirani chala musamupatse dzanja lonse ngati mukulonjera mfumu, mugundeni chalacho, asangalala.

Kumene muyenera kulisiya

Liwuli ndi la anthu a msinkhu umodzi, kapena la wamkulu kwa wamng'ono. Kwa gogo wa nyumba yoyandikana nayo nenani "sawubona mama" kapena "dumela mme", ndipo pothokoza "ngiyabonga" kapena "ke a leboha". Bambo wachikulire ndi "baba" kapena "ntate". Dalaivala wa takisi wamkulu msinkhu mutha kumutchula "malume", liwu limene ife tili nalo kale. Iye akakuyankhani "sharp", zili bwino, ndi ufulu wake, inu musayambe.

Pofunsidwa mafunso a ntchito, ku banki, ku ofesi ya boma, kubwalo la milandu, kapena polankhula ndi aphunzitsi a mwana wanu, gwiritsani "yes", "thank you" ndi "I understand". Chifukwa chake si ulemu wokha. M'malo amenewa mawu anu amalembedwa, ndipo liwu lotha kumveka pawiri ndi loopsa. Wapolisi akakuwerengerani sitetimenti n'kufunsa ngati ndi zoona, "sharp" si yankho.

M'kalata yofunsira ntchito musadzitchule "sharp". Mukamapempha bwana wakale kalata yokuchitirani umboni, mawu amene wolemba ntchito watsopano amafuna kuwaona ndi "honest", "reliable" ndi "punctual", kuphatikiza zaka zimene mudagwira ndi ntchito zenizeni zimene munkachita. Kwa wosunga ndalama m'shopu kapena wogwira m'nyumba, kutchulidwa wochenjera kumatha kudzutsa mantha m'malo mwa chikhulupiriro. Liwu loti "clever" lili ndi vuto lomwelo, mwinanso kuposa: m'malokeshoni "kleva" ndi munthu wodziwa za mumsewu, wosapusitsika, ndipo "don't be clever" ndi kudzudzula.

Pakati pathu Amalawi malire ndi omwe aja a kwathu. Kwa achimwene a msinkhu wanu pa mpira Lamlungu, "shapu aise" ndi zabwinobwino. Kwa abusa, kwa shehe, kwa apongozi, kapena kwa amalume pafoni ya kumudzi, bwererani ku "zikomo", "ndamva" ndi "tsalani bwino". Kudula foni ya mayi anu ndi "sharp sharp" kumamveka ngati Joni yakulowani m'mutu, ndipo kumudzi nkhani yotere imayenda msanga kuposa ndalama imene mwatumiza.

Mukafuna kuyamikiradi

Popeza liwuli lapepuka, silikwananso pamene mukufuna munthu adziwe kuti mwaona ntchito yake. Telala wa ku Rosettenville wakusokerani diresi la ukwati usiku wonse, inu n'kuti "sharp", iye amva ngati mwangolandira katundu. Tchulani chinthucho: msoko wawongoka, m'chiuno mwakwana, mwasunga tsiku. M'Chingerezi chimodzimodzi, nenani chimene chakusangalatsani ndi chifukwa chake. Ngati mukufunabe liwu lomweli, liikeni m'chiganizo chathunthu chokhala ndi mwini wake, monga "that suit is sharp", kuti libwerere pa chinthu chooneka. Likaima lokha limamveka ngati kutsanzika.

Kudziphunzitsa m'sabata imodzi

Tengani sabata imodzi yomvetsera musanayambe kuliponya paliponse. Malo abwino ndi m'takisi, pa spaza (kagolosale ka m'lokeshoni), ndi pamzere wa pa renki ya Noord kapena Bree, chifukwa macheza a pamenepo ndi afupiafupi ndipo mumaona zotsatira zake nthawi yomweyo. Nthawi iliyonse mukalimva, yesani kuika liwu la Chichewa m'malo mwake: ndili bwino, ndamva, zikomo, ayi zikomo, ndapita, watchena, wanzeru, msanga, ndendende. Limodzi lokha ndi limene likwane. Kenako onani chimene chachitika: munthu walandira chinthucho kapena wachisiya, wachoka kapena wapitiriza kulankhula, wathamanga kapena wangoima. Ngati chochitikacho chikutsutsana ndi liwu limene mudasankha, mwaphonya, ndipo kawirikawiri kuphonyako kumakhala pakati pa "zikomo" ndi "ayi zikomo".

Poyamba kuligwiritsa ntchito, yambani ndi malo awiri osavuta: kuthokoza pa chenji, ndi kutsanzika kwa anzanu a msinkhu wanu. Yankho la moni libwere pambuyo pake. La kukana mwaulemu lisiyeni mpaka khutu litazolowera, ndipo ngakhale pamenepo liperekezeni ndi dzanja lotambasula ndi kupukusa mutu pang'ono, kuti wokupatsaniyo asakayike.